Sinowo watseketsa sukulu: ana titani nawo tsiku lonse?

Amake Tadala, Govanhill, 06:48
Mwadzuka bwanji nonse apagulu. Kuno sinowo wagwa usiku wonse, ndipo uthenga wabwera kuti sukulu ndi nazale zatsekedwa. Bambo akunyumba ali ku shifiti mpaka usiku. Ndili ndi atatu: wa zaka 9, wa zaka 6 ndi wakumsana wa miyezi 14. Akuluakuluwa ali pawindo chidzukireni, akulirira kutuluka. Inu amene mwakhalitsa kuno, tsiku ngati ili ana mumatani nawo? TV tsiku lathunthu sindikufuna, komanso Januwale uno ndalama ya zosangalatsa palibe.

Abambo a Yankho, Edinburgh, 06:55
Alamu, mwapeza mwayi. Queen's Park muli nayo pakhomo pompo. Kwerani kuphiri komwe kuli mtengo wa mbendera, mukapeza Glasgow yense akutsetsereka kumeneko. Salipiritsa ngakhale tambala.

Agogo aNabanda, Motherwell, 07:04
Ana anga, ndalanda foni ya mwana wanga kuti ndilankhulepo. Mwana satulutsidwa pachisanu chotere. Ife ku Dedza mwezi wa Juni ana timawaveka majuzi awiriawiri n'kuwakhazika pamoto mpaka dzuwa litakwera. Kuno madzi ochita kuuma gwa panjira, inu mukuti kasewereni? Chibayo sichiona kuti ndi ku Ulaya. Aphikireni phala akhale m'nyumba.

Anaphiri, Paisley, 07:19
Agogo, mwadzuka bwanji? Pepani ndiyankhepo monga namwino, si mwano ayi. Chimfine ndi chibayo zimabwera ndi tizilombo, ndipo tizilomboti timapatsirana kwambiri tikadzitsekera m'nyumba mawindo ali otseka, hita ikuyaka. Mwana wathanzi amene wavala bwino akhoza kusewera panja popanda vuto. Chimene muyenera kuopa ndi kunyowa. Mwana wonyowa amazizidwa msanga kwambiri.

Ndiye amake Tadala, kavalidwe ndi aka. Mkati chovala chopyapyala chogwira thupi, pamwamba pake juzi, kunja jekete yosalowa madzi. Zovala zopyapyala zingapo zimaposa chimodzi chochindikala, chifukwa mpweya umene umatsekeredwa pakati pake ndi umene umasunga kutentha. Jinzi ayi, ikanyowa siuma ndipo imaziziritsa miyendo. Magambutsi amatchinga madzi koma satenthetsa, choncho sokosi zikhale zochindikala, koma osati zothina mpaka zala kulephera kugwedezeka. Magolovesi aubweya amanyowa pa mphindi zochepa, tengani ena apadera m'chikwama. Ngati mulibe, sokosi zouma zimagwira ntchito m'manja.

Wamng'onoyo ndiye musamale naye. Anzake akuthamanga akutenthedwa, iye wangokhala. Mubereni, thupi lanu limutenthetse, chipewa chitseke makutu, ndipo muzimugwira pakhosi kumbuyo kuti mumve ngati akufunda.

Amake Tadala, Govanhill, 07:26
Zikomo achemwali. Nanga nthawi yaitali bwanji? Komanso sledge yotsetserekera pa sinowo tilibe, ndaona ana a aneba atuluka nayo yofiira.

Anaphiri, Paisley, 07:31
Musayang'ane wotchi, yang'anani mwana. Akayamba kunjenjemera, kapena wolongolola uja akangoti zii, nthawi yakwana. Bola kutuluka kawiri mwachidule kusiyana ndi kamodzi kotalika. Mukabwerera, manja ozizira muwaviike m'madzi ofunda pang'ono, osati otentha, ndipo asawagwiritse pa hita. Khungu lochita dzanzi silimva kuti likupsa.

Abambo a Yankho, Edinburgh, 07:44
Za sledge musadandaule, tsiku ngati lero m'mashopu zimatha 9 koloko isanakwane. Tengani thumba lakuda la zinyalala lolimba lija, lowetsanimo katoni wopindidwa kapena khushoni yakale, mangani kukamwa. Basi. Thumba la ufa lopanda kanthu limathamanga kuposa za m'shopu, ine ndayesa pa Blackford Hill, ana a azungu mpaka kumapempha kubwereka kkkk. Thireyi ya mu uvuni imayendanso koma mudzayambana ndi mwini khitchini.

Luso lili posankha potsetsereka. Musanakwere, imani pansi muone kumene mwana akathere. Pakhale pathyathyathya potalika, popanda msewu, mpanda, mtengo kapena dziwe. Mwana akhale chokhala, miyendo kutsogolo, osati chafufumimba mutu patsogolo. Pokwera adutse m'mbali, asadutse pakati pomwe anzake akutsikira, ngozi zambiri zimachitika pamenepo. Ndipo pitani m'mawa uno. Ikamafika masana anthu amakhala apondaponda, sinowo wasanduka ayezi, liwiro lake silikhalanso la mwana wa zaka 6. Kumbukiraninso kuti cha m'ma 4 koloko kunja kwada.

Agogo aNabanda, Motherwell, 07:50
Bambo wamkulu ndi ndevu zake kukwera thumba la ufa. Dziko latha.

Abambo a Yankho, Edinburgh, 07:52
Agogo, ndimayesera ana kuti ndione ngati n'zotetezeka kkkkk.

Aphunzitsi Gondwe, Dundee, 08:21
Moni nonse. Kutsetsereka n'kwabwino koma ana amatopa nako, komanso si tonse tili ndi phiri pafupi. Ine ndikufuna ndinene za kuumba, chifukwa pamenepa ife Amalawi tili ndi luso limene timaliiwala. Ndani pagulu pano sanaumbepo ng'ombe zadothi kudambo? Manja omwewo ndi amene akufunika lero.

Choyamba yesani sinowo wake. Fumbatani m'manja. Akagwirana n'kukhala mpira, ndi woumbira. Akamayoyoka ngati ufa, ndiye kuti kwazizira kwambiri, mulibe timadzi tomata. Sinowo amaumbika bwino kukakhala pafupi ndi 0, ndipo wa kuno ku Scotland nthawi zambiri amakhala wotero chifukwa mphepo yathu ndi yachinyezi. Akakhala woyoyoka dikirani dzuwa likwere pang'ono, kapena wazani timadzi.

Ana a kuno amangodziwa chimunthu cha mipira iwiri kapena itatu, karoti pamphuno. Inu aonetseni ng'ombe ya linunda, nyanga za timitengo, khola lake pambali. Aumbireni mtondo ndi munsi. Chimunthucho chivekeni chitenje ndi duku, mudzaona aneba akuima kujambula. Mwana wanga wamkazi chaka chatha anaumba ng'ona yaitali kuyambira pakhomo mpaka pageti, mamba ake anadinda ndi supuni, kenako tinasungunula utoto wa makeke wobiriwira m'botolo lopopera n'kuipaka.

Kwa wa zaka 9 uja, mupatseni ntchito ya njerwa. Kontena ya ayisikilimu kapena bokosi la chakudya cha kusukulu ndiye chikombole. Adzaze, atsindire, agubuduze. Muphunzitseni kuyala mzere wachiwiri pamwamba pa mpata wa mzere woyamba, monga amachitira amisiri, aone yekha chifukwa chake khoma lotero siligwa. Amange mpanda wofika m'chiuno, koma denga asaike ndipo asakumbe una woti alowemo. Sinowo wonyowa ndi wolemera, akagumukira mwana sangadzuke yekha.

Amake Tadala, Govanhill, 08:27
Aphunzitsi, za chikombolezi mwandikumbutsa kutali. Tadala azikonda zimenezi, ndi womangamanga.

Achimwene Mbewe, Aberdeen, 08:49
Ndangotsika pa shifiti ya usiku, ndawerenga zonse. Ndiwonjezere chimodzi monga dalaivala: lero galimoto isiyeni. Ndikudziwa ena mwayamba kuganiza zoti ana akaone sinowo weniweni kumapiri. Amene tinalipo mu 2018 tikukumbukira, kumapeto kwa Febuluwale, a zanyengo a Met Office atatulutsa chenjezo lofiira pakati pa Scotland, anthu anagona m'magalimoto pamsewu wa M80 usiku wonse. Chenjezo likakhala lachikasu khalani tcheru, la amber, lachikasu chofiirira, ganizani kawiri, lofiira musatuluke n'komwe pamsewu. Matayala amene ambirife tili nawo si a nyengo ino.

Kumapiri mudzapite tsiku lina misewu itatsegulidwa bwino. Malo a masewera otsetsereka pa sinowo a ski alipo asanu: Glenshee, Cairngorm, Glencoe, Nevis Range ndi The Lecht. Kwa ana ang'ono ine ndimakonda The Lecht, zitunda zake n'zofatsa. Kufupi ndi Aviemore, ku Glenmore, kuli gulu la mphalapala za kumaiko ozizira zija amati reindeer, zinabwera kuchokera ku Sweden mu 1952 ndipo zimayenda momasuka m'phiri. Amakutengani wapansi kukaziona, koma muyenera kusungitsa malo pasadakhale ndipo n'zolipira. Zimenezo ndi za mwezi wina, malipiro atalowa.

Lero, ana akakhala m'nyumba, atsegulireni mapu a Traffic Scotland oonetsa magalimoto othira mchere m'misewu. Galimoto iliyonse ili ndi dzina loseketsa, ina ndi Sir Andy Flurry, kutengera Andy Murray wa tenesi uja. Anga amatha ola lathunthu akuzisaka pamapu.

Nangozo, Ottawa, 09:10
Kuno ndi 4 koloko m'mawa, mwana wandidzutsa, ndiye ndakupezani mukulira ndi kasinowo kofika m'kakolo kkkk. Abale anga a ku Glasgow, ndimakusowani. Kuno mabasi a sukulu amaimitsidwa koma sukulu kawirikawiri imakhala yotsegula, ndipo -20 ndi tsiku wamba.

Ndikupatseniko ziwiri za kuno. Choyamba ndi switi ya pa sinowo. Mumawiritsa maple syrup, madzi otsekemera a mitengo ya maple, mpaka afike pafupifupi madigiri 115, n'kumuthira mizeremizere pa sinowo woyera wotsindira m'thireyi. Akayamba kulimba, mwana amakulunga ndi kamtengo n'kumanyambita. Ku Quebec ndi mwambo wa nthawi yokolola madzi a mitengoyi. Kuwiritsako achite wamkulu, shuga wotentha amawotcha moipa. Chachiwiri, kukazizira kwambiri kopanda mphepo, ana auzire thovu la sopo panja, limauma n'kuchita maluwa ngati galasi. Koma kwanuko mwina sikuzizira mokwanira.

Loweruka ife timapita pa ngalande ya Rideau Canal, mtunda wa makilomita 7.8 wa madzi ouma, anthu kumaseserekapo ndi nsapato za skate, ena mpaka popita kuntchito.

Anaphiri, Paisley, 09:24
Nangozo mwana wa amayi, switiyo talandira, koma za ngalandezo ndiikepo mawu ana asanaone zithunzi zako. Kwanuko akuluakulu amaboola n'kuyeza, satsegula mpaka ayezi atachindikala masentimita 30, ndipo nyengo ya 2022 mpaka 2023 sanatsegule n'komwe chifukwa sanafike pamenepo. Kuno palibe dziwe kapena ngalande imene munthu angaidalire. Mu Disembala 2022 anyamata anayi anamwalira atagwera m'nyanja ya Babbs Mill ku Solihull, ku England. Amake Tadala, mu Queen's Park momwemo muli dziwe. Auzeni ana musanatuluke pakhomo: pamadzi ouma sitiponda, ngakhale mpira ugwerepo, ngakhale galu wa munthu athamangirepo. Wina akagwera, imbani 999, muponyereni chogwira muli kumtunda, inu osalowamo.

Nangozo, Ottawa, 09:27
Zoona achemwali, pamenepo sinditsutsa.

Chikondi, Johannesburg, 09:40
Ine ndingoonerera nawo, kuno tikupsa ndi dzuwa. Wathu anagwa mu Julayi 2023, koyamba kuchokera mu 2012, mabwana ndi antchito tonse tinathamangira panja ndi mafoni. Pofika masana anali atasungunuka. Tumizani zithunzi za ng'ombezo.

Aphunzitsi Gondwe, Dundee, 10:02
Ndiwonjezere za ana amene sakonda phokoso ndi kugendana, chifukwa alipo. Wanga wamwamuna sinowo akangomulowa m'khosi, tsiku latha.

Otere atengeni kukasaka mapazi m'mawa anthu asanaponde. M'matauni a kuno nkhandwe zilimo zambiri. Phazi la galu ndi la nkhandwe limaonetsa zikhadabo, la mphaka ayi chifukwa amazibweza poyenda. Nkhandwe imayenda mzere umodzi wowongoka, galu amangoyenda uku ndi uku. Mwana akazindikira zimenezi mumuona akulondola mpaka kuseri kwa mabini.

China, ikani nsalu yakuda panja izizire, kenako mugwirepo sinowo akamagwa. Ayang'anitsitse, kapena mujambule ndi foni n'kukulitsa. Tizidutswa take tambiri tili ndi nthambi 6. Ndiponso dzazani kapu osatsindira, ilembeni mzere, ilowetseni m'nyumba, aliyense alosere kuti madzi afika pati. Amadabwa kuona timadzi tochepa pansi, chifukwa sinowo wongogwa kumene mbali yaikulu ndi mpweya. Akaona tizinyalala totsalira m'kapumo amasiyanso okha kudya wa m'mbali mwa msewu.

Musaiwale mbalame, lero chakudya chawo chakwiririka. Ikani oats wosaphika, tizidutswa ta apozi ndi madzi osauma pawindo kapena pakhonde. Kumapeto kwa Januwale a bungwe loteteza mbalame la RSPB amakhala ndi kalembera wa mbalame za pakhomo, mumakhala ola limodzi n'kumawerenga zimene zatera, ndiye lero ndi poyeserera.

Abambo a Yankho, Edinburgh, 12:35
Ife tabwerako, zovala zili pa hita, nyumba yonse ikununkha sokosi. Tsopano gawo lachiwiri. Ine ndikuti tikoleze kambaula pakhonde lamkati tiwotche chimanga ndi mbatata, ana amve fungo la kwathu.

Anaphiri, Paisley, 12:38
Abambo a Yankho, chonde ayi. Makala m'nyumba za kuno ndi imfa. Nyumbazi n'zomata paliponse, mpweya woipa wa makala suoneka, sununkha, munthu amangomva mutu ndi tulo basi. Khonde lamkati, galaja, bafa, ponseponse ayi, ngakhale mutatsegula windo. Mbatata ikani mu uvuni. Ndipo poti mwaiyamba nkhaniyi, aliyense ayese alamu yake lero. Kuyambira mu 2022 lamulo la kuno limafuna alamu ya mpweya umenewu m'chipinda chili ndi boila kapena chotenthetsera cha gasi.

Abambo a Yankho, Edinburgh, 12:41
Mbaula yabwerera m'shedi. Uvuni wayaka.

Agogo aNabanda, Motherwell, 13:15
Apo Anaphiri mwanena zoona, ngakhale kumudzi anthu amapita nayo mbaula ya m'chipinda. Tsono za m'nyumbazi ndisiyireni ine, inu mwatha nzeru ndi mafoni.

Ana akabwera ozizidwa, phala la mgaiwa lothira nsinjiro, lotentha. Pambuyo pake muwapatse ntchito. Kandani ufa wa mandasi, aliyense aumbe ake, wina nsomba, wina galimoto, inu muzikazinga iwo ali patali ndi mafuta. Nthochi zakupsa kwambiri zija musataye, sinjani ndi ufa muphike zitumbuwa. Futali nayenso savuta, mbatata za kuno n'zamadzimadzi koma ndi chiponde cha m'botolo zimatheka.

Kukada, zimitsani TV ndi magetsi, yatsani tochi pansi pa tebulo mutaphimba bulangete. Munene kuti padangokhala, iwo ayankhe kuti tili tonse. Adzukulu anga Chichewa chawo n'chopindika, koma pa nthano ya Kalulu ndi chitsime amayankha bwinobwino ndipo nyimbo amavomera. Ndagi nazonso. Dzulo ndinawafunsa nyumba ya amayi yopanda khomo, anatchula zonse za m'dziko, dzira osalipeza. Ndinawafunsanso kuti pita uku, ine ndipite uku, tikakumana kutsogolo, wamng'ono ndiye anagwira lamba wa bambo ake n'kukuwa. Atsikana aphunzitseni phada ndi nyemba pamkeka. Ana amenewa akukula osadziwa kuti kwawo kuli masewera.

Achimwene Mbewe, Aberdeen, 13:32
Agogo mwalasa. Ndiwonjezere bawo. Simufunika thabwa. Jambulani pakatoni mizere 4 ya maenje 8, onse 32, kapena ndandalikani timakapu ta yogati. Nyemba 64. Wa zaka 9 akhoza kuyamba ndi malamulo osavuta, ziwiriziwiri m'dzenje lililonse, kutapa ndi kudya basi. Kuwerenga kumene amachita pamenepo kumaposa homuweki ya pa intaneti imene atumiza kusukulu.

Aphunzitsi Gondwe, Dundee, 13:36
Achimwene, homuwekiyo achitebe, musatiipitsire mbiri kkkk.

Amake Tadala, Govanhill, 15:20
Abale, tapita ndipo tabwerako amoyo. Thumba la zinyalala linang'ambika ulendo wachitatu, koma mayi wina wachikulire anatibwereka sledge ya adzukulu ake osatidziwa n'komwe. Wa zaka 6 analira kawiri, koyamba chifukwa cha manja, kachiwiri chifukwa ndinati tizipita. Khoma la njerwa lili kuseri kwa fulati, ana a pamwamba anatsika ndi makontena awo, panopa ndi mudzi wathunthu. Ng'ombe yatuluka ngati galu koma linunda lilipo. Chikondi, zithunzi zikubwera. Agogo, mandasi akufufuma.

Agogo aNabanda, Motherwell, 15:31
Mwachita bwino mwabwerako. Ine sindinaponde panja ndipo sindipondako. Mawa wina akayamba kutsokomola mundiuze.

Anaphiri, Paisley, 15:48
Kkkk agogo sagonja. Ndikumbutseko za vitamini D poti dzuwa sitikuliona. A zaumoyo a boma a NHS amalangiza mamaikulogalamu 10 patsiku m'miyezi yozizira, ndipo kwa ife akhungu lakuda amati tiganizire zomwa chaka chonse. Za madontho a wamng'onoyo funsani kwa azaumoyo amene amakuyenderani.

Usiku uno kukayera kumwamba, zonse zasungunuka masanazi ziuma, mawa m'mawa njira zidzakhala zoterera kuposa lero. Kuchipatala odwala othyoka mikono amachuluka tsiku lachiwiri. Yendani timasitepe tifupitifupi, mapazi otayana pang'ono, manja kunja kwa matumba. Mabini achikasu a m'mbali mwa msewu muli mchere wothira panjira za anthu onse, tumani ana akuluakulu ndi kafosholo athire pamasitepe ndi panjira ya aneba okalamba. Nayonso ndi ntchito imene amaikonda.

Abambo a Yankho, Edinburgh, 16:05
Sukulu ikapanda kutsegulidwa mawa, inu a ku Glasgow muli ndi sitima ya Subway yoyenda pansi pa nthaka. Tsikirani pa Kelvinhall mulowe ku nyumba yoonetsera zakale ya Kelvingrove, kapena pa Partick mupite ku Riverside Museum kukaona sitima ndi mabasi akale. Konseko kulowa n'kwaulere ndipo mukatenthedwa ndi hita ya khansolo m'malo mwa yanu. Ingoonani kaye pa intaneti ngati atsegula. Ife kuno ndi National Museum pa Chambers Street.

Amake Tadala, Govanhill, 17:52
Uthenga wabwera, mawanso kulibe sukulu. Vuto ndi loti ine ndili pa shifiti ya 7 koloko m'mawa, bambo awo afika usiku kwambiri ndipo afunika kugona. Alipo wa kumwera kuno amene ali pa ofu? Lachisanu ndidzatenga anu.

Nachisale, Pollokshields, 18:03
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete tsiku lonse. Bweretsani kuno akuluakulu awiriwo, wamng'onoyo atsale ndi bambo ake. Ndili ndi anga awiri, Maxwell Park ili pafupi. Muwaikire sokosi zapadera ndi magolovesi ouma, ndipo mandasiwo asathe onse usiku uno. Ndikutumizirani adiresi kumbali.